Kadzidzi wa pa ploti pathu ali pa mapu

Lolemba m'mamawa ndikuchapa matewera, ndinaona kadzidzi mu mtengo wa mango wa pa ploti pathu kuno ku Chinsapo. Anali atapana khoswe m'zikhadabo. Ndinapukuta manja pa chitenje, n'kutenga foni, n'kulemba: kadzidzi mmodzi, Chinsapo, m'mamawa.

Ndi zimene ndimachita masiku ano. Mlamu wanga anandiikira pulogalamu ina pa foni, momwe anthu amalembamo mbalame zimene aona. Umasankha chithunzi cha mbalameyo, umanena malo, basi imakaoneka pa mapu ngati kadontho. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo pagulu pakamwa panga pamalemera. Koma maso ndili nawo. Apumbwa, anamzeze, akhwangwala a kudzala, onsewa ndinawalemba kale.

Kungoti kadzidziyo sindinamuone ndekha. Amake Tadala, a khomo loyandikana ndi lathu, anamuonanso. Ndipo Tadala wawo anali atadzuka thupi likutentha.

Pofika masana nkhani inali itapsa pa kiyosiki ya madzi. Akuti kadzidzi sabwera yekha, amachita kutumidwa. Nanga wotumayo ndani? Maso onse analoza chipinda chakumapeto, pansi pa mango paja. Mmenemo amakhala aNasibeko, mayi wachikulire wa ku Dedza amene amagulitsa tomato pamsewu. Amuna awo anamwalira, ana ali kutali, ndipo sakonda macheza. Umboni unakwanira pomwepo.

Madzulo alandilodi athu, bambo Kachigamba, anatiitana tonse pabwalo. Anati iwo safuna maliro pa ploti pawo, choncho aNasibeko afune kwina pofika kutha kwa mwezi. ANasibeko anangoyang'ana mapazi awo.

Inenso sindikonda macheza. Tsiku lina nanenso ndidzakalamba. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Ndinapempha kuti ndilankhuleko. Ndinatsegula mapu a akadzidzi n'kuwaonetsa. Timadontho tinali ku Kawale, ku Area 25, ngakhale kumayadi kwa anthu a mipanda ya njerwa ndi mageti achitsulo.

"Onsewa awatuma ndi aNasibeko?" ndinafunsa.

Wina anaseka kumbuyo, n'kudzigwira pakamwa. Ndinafotokozanso za khoswe uja. Dzala lathu kuseri kwa chimbudzi linadzaza kalekale, makoswe amachita kutilumpha pamapazi. Kadzidzi watsata ndiwo zake.

Bambo Kachigamba anayandikitsa foni kumaso, n'kufunsa kuti kadontho kakumunsiko ndi pati. Ndinati ndi pano.

"Amake Chisomo, mwandilembetsa kadzidzi pa ploti panga, dziko lonse lione? Ndani adzachite lendi pano? Fufutani."

"Ameneyo ndinamuona, abambo. Tifufute zimene sitinaone."

Mpaka lero sindidziwa kumene mawu amenewo ndinawatenga.

Abale anga, pulogalamu ija yandiphunzitsa chinthu chimodzi. Imafunsa kuti waona chiyani, waona kuti, waona liti. Mulibe malo olembapo "akuti". Ngati sunaonetsetse, umanena kuti sunaonetsetse, ndipo palibe amakuseka.

Koma ife m'makomboni muno timadya "akuti", timamwera "akuti". Akuti uje amauluka. Akuti uje anakhwimira bizinesi. Ukafunsa amene anaona ndi maso, aliyense amaloza mnzake.

Ndipo mwaonapo kumene "akuti" amakatera? Satera pa khomo la landilodi. Satera pa nyumba ya bambo wagalimoto. Amatera pa mayi wamasiye, pa nkhalamba, pa munthu wopanda womuyankhulira. Mango uja nthambi zake zafika pa madenga athu tonse, bwanji kadzidziyo anakhala wa chipinda chimodzi?

Sindikunama, kulira kwa kadzidzi nanenso kumandiimitsa tsitsi. Ndinakulira ku Ntcheu ndikumva zomwezo. Mantha si mlandu. Koma mantha ako akafika pomuchotsa mnzako m'nyumba, ima kaye, udzifunse kuti waona chiyani.

Choopsanso china n'chakuti tsiku lonse lija tinali pa aNasibeko, mwana ali gone. Tadala anapita kuchipatala Lachiwiri. Anamupeza ndi malungo, ndipo lero akuthamangitsa nkhuku pabwalo.

Bambo Kachigamba sanapepese. Akuluakulu a kuno kupepesa kwawo n'kwina: anangolamula kuti tikwirire dzala lija, ndipo za kutha kwa mwezi sanazitchulenso. Amake Tadala akumadutsa pa benchi ya tomato ya aNasibeko maso ali kumbali, koma dzulo ndinawaona akugula.

Inu kwanuko, amene mukunong'onezana za iye sabata ino, munamuona akuchita chiyani? Munamuona kuti? Munamuona liti?

Lero m'mawa ndili pa matewera, aNasibeko anaima pambali panga dengu lili pamutu. Anafunsa ngati ndamuonanso mlendo uja. Ndinaloza panthambi, ali phee, maso ali psuu.

"Mulembeni, mwanawe," anatero. "Koma mulembe kuti ndi wa mu mango, si wanga."