Mlandu wa nesi wa m'chombo

Masewera aja anabwera ndi mwana wanga wamkazi, uja anaphunzira za makompyuta. Lamlungu lililonse masana, iye ndi anzake anayi amakhala m'shedi yanga yopalira matabwa kuno ku Kalingalinga, buku lachizungu pakati, aliyense ndi pepala lake. Pepalalo ndiye munthu wako: udindo wake, mphamvu zake, zonse. Akuti onse ndi asilikali m'chombo choyenda pakati pa nyenyezi. Mwana wanga amasimba zimene zikuchitika, iwo amanena chimene achite, kenaka aponya dayisi, kachibulumwa ka madontho, kuti aone ngati zatheka.

Ine anandilowetsa chifukwa analibe komanda. Sindinakane. Ndinayendetsa malole a asilikali zaka zambiri, ndipo ndikati "imani!" ngakhale owotcherera a tsidya la msewu amazimitsa makina.

Pagululo panali mayi wina wogulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, ku msika wa Kamwala. Iye ndiye anali nesi wa m'chombo. Sabata yonse amalimbana ndi ogula, kunyumba apongozi odwala akumudikira. Maola awiri a Lamlungu okhawo ndiwo anali ake. Pepala lake analikuta ndi pulasitiki. Tsono munthu wako akafa, pepala amaling'amba, iwe n'kukhala panja mpaka nkhani yonse ithe, kaya ndi chaka chamawa.

Lamlungu lina chombo chinabooka kunsi, mpweya n'kuyamba kuthawa. Kunsiko kunali anthu wamba okumba miyala amene tinawanyamula panjira. Ndinalamula kuti chitseko chitsekedwe, tipulumutse a pamwamba. Nesi anakana. Anatsegula, anawatulutsa onse, koma mlonda wa pachitseko anafera pomwepo.

Mwana wanga anatsegula buku n'kundimasulira, pakuti chizungu chake ine sindichiwerenga. Wokana lamulo pangozi aweruzidwe, chilango chake aponyedwe kunja kwa chombo. Ndinafunsa wodandaula ndani, anati komanda. Nanga woweruza? Komanda yemweyo. Za mboni buku silinatchule.

Ndinapsa mtima. Mlandu wotere ndimaudziwa ine. Chaka china cha mvula yambiri, bwana wina anandilamula kuwolotsa lole yodzaza anyamata pa mlatho womira. Ndinazimitsa injini. M'mawa mwake anandivula lamba ndi chipewa, anandilowetsa mu ofesi chothamanga, ndipo amene ndinamupeza kuseri kwa tebulo anali bwana yemwe uja, atameta bwino. Sanandifunse kanthu. Ndinakumba maenje ndi kuwakwirira mpaka mvula inatha.

Ndinawauza kuti ine sindingaweruze mlandu umene ndadandaula ndekha. Wachiwiri wanga m'chombomo, kondakitala wa minibasi, anaseka.

"Ba Komanda, ni masobela chabe. Ponyani dayisi tipitilize."

Masewera? Mayi uja anali atagwira pepala lake ndi manja awiri, maso pansi, ngati ali pamzere kuchipatala. Ndinamenya benchi mpaka utuchi unauluka. Ndinati amene analemba buku ili sanaimepo wopanda lamba pamaso pa munthu, anangomva kuti asilikali amakuwa.

Mwana wanga sanandiope. Anati ndikakana, wachiwiri atenga mpando, ndipo kondakitala anali atanena kale kuti iye amatsata buku. Ndinamuuza afunefune bwino, buku lonenepa chotere silingasowe pothawira munthu wosalakwa. Anatembenuza masamba nthawi yaitali. Pomaliza anapeza kamzere kakuti ngati lamulo la komanda linali loipa, chilango chigwere iye mwini.

"Koma batate, mukavomela ivo, ndimwe muzatayiwa panja."

"Lemba kuti linali loipa. Kutsekera anthu amoyo ndi lamulo lanji?"

Analemba. Kondakitala anawerenga chigamulo akudziluma milomo, ndipo mwana wanga wobala ndekha anang'amba pepala langa pakati. Buku lija silikhuta popanda maliro, limangofuna wina aponyedwe basi.

Nesi akadali m'chombo mpaka lero, ndipo anamukweza udindo. Ine Lamlungu ndimapala matabwa panja pa shedi yanga yomwe. Sabata yatha kondakitala analowetsa chombo chonse mu msampha umene ngakhale mbuzi ikanauona. Nditati nditsegule pakamwa, mwana wanga anakweza chala, akuti wakufa salankhula.