Kagalu ka Alamu Anga

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anabwera kuchokera ku Joni ndi kagalu kakang'ono kaubweya wambiri, kamtundu wa teriya. Ankati mtundu umenewu kuno kulibe. M'galimoto kankakhala pampando wakutsogolo, achemwali kumbuyo pamodzi ndi matumba a mbatata. Akaima pamsika pa Ntcheu Boma ankakanyamula m'khwapa n'kumakadyetsa tchipisi ndi mafuta a nyama yootcha, maso ali uku ndi uku kuona amene akuwayang'ana.

Zaka zitapita kagalu kanakalamba. Kananenepa ngati pilo, m'kamwa munayamba kununkha, mano akugwedera. M'maso munachita ng'ala, kamangogunda miyendo ya tebulo. Kakati kathamange, mwendo umodzi wakumbuyo unkapindika, n'kumadumpha ndi itatu. Choipitsitsa chinali chifuwa: kakakoka chingwe kankatsokomola ngati bakha, mpaka lilime kutuluka.

Tsiku lina nditapita kukawaona ndinakapeza kuseri kwa khola la nkhuku, katamangidwa pakhosi ndi chingwe cha khonje. Pakhonde panali patagona chigalu chatsopano, chachikulu ngati mwana wa ng'ombe.

"Alamu, kagalu kaja mwakaika kuseri bwanji?" ndinafunsa.

"Kakununkha, alamu. Alendo anga sangadye kali pafupi. Ndiponso mphepo ya kuno sinakayanje, agalu amenewa ndi a m'tauni."

Mphepo yomweyo inali itakayanja zaka zonse zimene kanali kokongola.

Achemwali anandinong'oneza kukhitchini kuti amuna awo akuganiza zokakasiya kumsewu waukulu, galimoto zikathane nako. Sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Ndinakaika m'katoni n'kukwera kabaza kupita kwa dokotala wa ziweto. Iye anazula mano owola, nandiuza kuti maso sadzaonanso, koma chingwe chichoke pakhosi chifukwa chikufinya kholingo, ndipo zamafuta kasiye.

Ndinapita nako kwathu ku Kandeu. Ndinakasokera lamba wa pachifuwa ndi chitenje chakale. Kankadya phala ndi usipa wosinja. Mipando m'nyumba ndinasiya kuisuntha, ndipo kanaloweza njira yochokera pakhomo kufika pamene dzuwa limayamba kuwomba m'mawa. M'miyezi yozizira kankagona m'katoni momwemo, katafunda juzi yanga yakutha. Sindinganame kuti kanachira, chifuwa sichinathe, koma kanayambanso kugwedeza mchira kakamva mawu anga. Kanafa tikukumba mbatata chaka chotsatira, ndipo ndinakakwirira pansi pa mtengo wa mapichesi. Nthawi yonseyo alamu sanafunseko ngakhale kamodzi.

Pachinkhoswe cha mwana wawo wamkazi ndinawapeza atazunguliridwa ndi abale a mkamwini, akuwaonetsa chithunzi pafoni: kagalu kaja kadakali kakang'ono, katavala riboni yofiira.

"Ndinkakakonda ngati mwana wobereka ndekha," ankatero, dzanja lili pachifuwa. "Kanafera m'manja mwangamu. Sindinadye tsiku limenelo."

Amayi ena anapukusa mutu mwachisoni. Achemwali anangoyang'ana m'mbale.

"Alamu," ndinatero, "kodi kanafa mwezi uti?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana foni ili chete m'manja mwawo, nati pali munthu akuwaimbira. Anatuluka panja foniyo ili kukhutu, akulonjera mokweza munthu amene panalibe.