Kabuku ka Chipepeso

Anandipeza ku kiliniki Lachinayi m'mawa, m'nyengo yozizira ya 1996, ndikuyeza ana pasikelo. Anali apolisi awiri, amuna ovala majekete abwino. "Dumela, mma," anandilonjera wamtaliyo m'chinenero cha kuno, ulemu wochita kusefukira. "Tiyeni ku ofesi, mafunso ochepa chabe. Mubwerako tiyi asanazizire." Ndinakagona kumeneko masiku asanu.

Nkhani yake inali iyi. Telala wina wa kwathu ku Ntcheu anamwalira ku Old Naledi, konkuno ku Gaborone, kusiya mkazi ndi ana atatu m'chipinda chimodzi cha lendi. Mayi ake kumudzi anatumiza uthenga woti mwana wawo akagone pafupi ndi bambo ake. Maliro n'kulirana. Ndinayenda khomo ndi khomo kwa Amalawi anzanga, kuyambira madokotala a ku Block 8 mpaka amayi ochapa m'nyumba za eni. Aliyense woponya, angakhale mapula asanu, ndalama za kuno, ndinkamulemba m'kabuku: dzina, mudzi wake ndi pamene akukhala. Kwathu chipepeso chimalengezedwa pamaliro, kuti abale amve amene anawagwira mkono. Ndalama zinakwana mapula zikwi khumi ndi ziwiri. Poopa akuba m'makombi, maminibasi a kuno, Lachiwiri ndinakaziika ku banki, mu akaunti yanga. Galimoto yodzanyamula bokosi inali yonyamuka Loweruka.

Sindinkadziwa kuti ndalama zikachuluka choncho banki imatsina khutu boma. Mtsikana wa pakauntala anandisekerera, nati ke a leboga, zikomo wa kuno, kenaka n'kudzaza fomu yondinenera. Banki imene ndinasungako malipiro anga zaka zisanu ndi chimodzi! Kundifunsa kokha analephera.

Wamtali uja anayala pepala la akaunti yanga patebulo. "Namwino wa malipiro awa, ndalama izi tsiku limodzi wazitenga kuti? Dayamondi? Magalimoto akuba?"

"Ndi za maliro, rra. Pitani kumotchale mukamuone mwini wake."

"Akufa sachitira umboni. Anapereka ndani?"

Ndinawafotokozera mwambo wathu. Apa m'pamene ndinapusa, ndipo mpaka lero ndimadziluma lilime: ndinatchula kabuku. Maso ake anawala. Anati akaunti aitseka kale, ndipo aitsegula ola lomwelo ndikangowapatsa mayinawo kuti akafunse mmodzimmodzi. Mnzake anawonjezera osandiyang'ana: "Tikaonanso ndi mapepala awo."

M'kabukumo munali anthu osachepera makumi atatu amene mapemiti awo anatha kalekale. Munali nyumba zawo, mzere ndi mzere, m'zolemba zanga zokongola za ku sukulu ya mishoni. Ndinati kabukuko kanatayika. Anadziwa kuti ndikunama, inenso ndinadziwa kuti adziwa.

Ananditsekera ndi amayi asanu ndi awiri. Mabulangete analipo anayi. Simenti ya mu Gaborone nyengo imeneyo imazizira. Wapolisi wamkazi anandivula ndi kundisecha, kawiri, chitseko chili chotsegula. Za zimenezo ndalemba zokwanira. Potenga wotchi yanga ya paunifomu anati, "Muno nthawi timasunga ife."

Lachisanu masana analola mkazi wa malemu kudzandiona. Sichinali chifundo ayi, anamutuma. Anagwira zitsulo za pazenera, maso ali otupa.

"Achemwali, apatseni kabukuko. Mawa galimoto ikupita. Ku motchale akuti sangamusungenso."

"Mulamu wanu ali momwemo," ndinanong'oneza. "Ndi mayi uja amakusungirani ana. Akawakweza lole kuwabweza kwathu."

"Nanga apongozi anga ndikawauza chiyani? Akumba kale manda!"

Wamtali uja anaima pambali, manja m'thumba, kumvetsera chinenero chimene sankachimva, n'kumadikira kuti misozi ya wamasiye imugwirire ntchito. Pa zonse zimene anandichita, ichi ndiye sindidzamukhululukira.

Loweruka galimoto inapita ndi katundu wa anthu ena. Lolemba telala uja anaikidwa konkuno ku Gaborone, m'bokosi lotchipa la ngongole, anthu ochepa ali pamanda, chifukwa ambiri anamva kuti boma likufuna mayina ndipo anabisala. Kumudzi anakwirira dzenje lopanda munthu.

Lachiwiri ananditulutsa. Abusa athu anali atabwera ndi kalata ya imfa ndi ya ku mpingo, zomwe akanatha kuzifunsa tsiku loyamba lomwe lija. Mlandu panalibe. Kupepesa kunalibenso. Wamtali uja anandibwezera chikwama nati, "Mwaona, mma, lamulo lagwira ntchito yake. Wosalakwa saopa." Ndikanakhala ndi malovu m'kamwa tsiku limenelo, mwina ndikanamulavulira.

Anthu amati ndinatuluka mfulu. Ufulu wanji woti munthu aziyamba wafotokoza kwa mlendo chifukwa chake akulira mnzake? Lamulolo akuti analiikira akuba akuluakulu, koma amenewo ali ndi maloya ndi makampani, salowa m'banki ndi mapula okwinyika m'thumba la shuga. Linakola ine, linakola maliro. Kuchokera pamenepo ndikaima pakauntala ya banki ndimatuluka thukuta ngati ndaba, ndipo zimenezi zimandikwiyitsa kuposa simenti ija.

Akaunti anaitsegula patatha milungu isanu ndi umodzi. Ndinatapa zonse, pang'onopang'ono ngati mbala, n'kupita nazo ku Old Naledi. Wamasiye uja ndinamupeza akumanga katundu, makina osokera atagulitsa kale kuti apeze thiransipoti yobwerera kwa apongozi ake. Ndinagwada, n'kuika envelopu pamphasa. Sanaikhudze.

"Zinali zoti apitire kwawo," anatero. "Kabwezereni eni ake, achemwali. Mayina muli nawo."