Nsomba Zinawola, Dzina Papepala Linali Langa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera kutchalitchi. Nditamaliza sekondale ndinakhala zaka ziwiri ndikuthandiza amayi kugulitsa tomato pamsika wa Maramba mu Livingstone, mpaka mkulu wina wa mpingo anandiuza kuti pabwalo la malole, kumsewu wa ku Kazungula, akufuna kalaliki wolemba zooneka bwino. Ndinapita Lolemba, Lachiwiri ndinayamba.

Pabwalopo tinkasamutsa katundu kuchoka m'lole ina kupita m'lole ina. Pamapepala ntchitoyi ankaitcha transhipimenti. Lole ikafera panjira, kapena ikalemera mopitirira pasikelo, ankaibweretsa kwa ife. Zida zanga zinali bolodi ya mapepala, bolopeni ndi chopimira kuzizira cha nsonga yachitsulo. Ndinkalemba nambala ya silo, kawaya komata chitseko, asanakadule, ndi nambala ya katsopano akatseka. Kapitawo wathu anali ba Mubita, munthu wanthabwala, amene manja ake sankachoka m'thumba.

Simenti ndi feteleza sizivuta. Chovuta ndi nsomba zamakatoni zochokera ku Namibia. Malole awiri afiriji amagundanitsa kumbuyo, pakati pamaponyedwa tenti, ndipo onyamula amapatsirana makatoni mothamanga. Koma asanatsegule chitseko chilichonse, lole yolandira iyenera kuzizira kufika madigiri 18 pansi pa ziro. Kalaliki amapima, amalemba nambalayo, kenako amasaina.

Masana ena mu Okutobala anakoka lole ya nsomba yomwe firiji yake inali itafa. Yolandira inafika cha m'ma 1 koloko, itakhala padzuwa m'mawa wonse. Nditalowamo, thukuta linandituluka. Chopimira chinali chisanatsike n'komwe kufika pa ziro.

"Ba Mubita, iyi firiji ikali kupya," ndinatero. "Ifunika maawazi atatu."

"Atatu? Iwe mwaice, kamwana iwe, mwine wa katundu wanitumila foni kasanu. Izazizila panjila. Saina."

"Nilembe namba yamene naona?"

"Lemba yamene ifunika. Olo wayewa tomato, ufuna kubwelela kumsika?"

Onyamula anaseka. Mmodzi anakuwa ali m'lole: "Ba kalaliki, nsomba siziwelenga mapepala!"

Mwina nsombazo zikanawonongekabe tikanadikira, chifukwa makatoni a pafupi ndi chitseko anali atayamba kufewa, ukadina ndi chala ankalowa. Koma zimenezo nazonso ndinayenera kuzilemba. Sindinalembe. Ndinalemba 18, ndikusaina bwinobwino monga anatiphunzitsira kusukulu.

Patapita masiku anayi, lole tinapakiramo nsomba ija anaitsegula kumalire a Congo. Akuti anthu anathawa fungo. Bwana mwini bwalo anatiitana tonse awiri mu ofesi, n'kuika pepala lija patebulo.

"Ine sinigwila chopimila, bwana," anatero ba Mubita, modekha ngati akupereka moni. "Ni nchito ya uyu. Ananiuza ati vili che bwino."

Bwana anatembenukira kwa ine. "Iyi ni saini yako?"

"Ee, bwana. Koma..."

"Namba iyi analemba ndani?"

"Ni ine."

Nkhani inathera pomwepo. Onyamula asanu ndi atatu amene anamva zonse anali panja, atatsamira khoma, ndipo palibe anatsegula pakamwa. Sindiwada kwenikweni, ankalembedwa tsiku ndi tsiku, ndipo wowasankha m'mawa uliwonse anali ba Mubita. Ndinachotsedwa ntchito popanda kalata ya umboni. M'tauni yaing'ono ngati Livingstone mabwalo onse amadziwana, choncho kwa zaka zitatu ndinali kalaliki uja anawoletsa nsomba.

Ba Mubita lero ali ndi malole awoawo. Tikakumana mumsewu wa Mosi-oa-Tunya amatsitsa galasi n'kukuwa, "Ba kalaliki, muli che?" Ndimayankha. Ndikuganiza kuti tsiku lija anaiwala ndithu.

Panopa ndimayang'anira chipinda chozizira pa hotela ina. Ndimalemba chokhacho chimene maso anga aona, ngakhale galimoto idikire pageti mpaka dalaivala atukwane. Wina akandikakamiza nambala ina, sindikangana naye. Ndimamupatsa bolopeni kuti alembe yekha, asainenso dzina lake. Mpaka lero palibe amene anailandirapo.