Awwad ndi kanyenyezi ka aphunzitsi ake

Dokotala Awwad ndi munthu amene amagogoda pakhomo lotsegula kale. Ofesi yanga, mu laibulale ya yunivesite yathu, sinditseka, koma iye amaima pakhomo, n'kugogoda, n'kudikira. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndiye ndimamukalipira ndili pampando: "Lowani, a Dokotala, simunabwere kudzafunsira mbeta!" Amamwetulira, n'kukhala m'mphepete mwa mpando ngati wobwereka.

Anabadwira kum'mawa kwa tawuni ya Mafraq, mwana wa woweta nkhosa, ndipo mpaka lero akaona nkhosa m'mbali mwa msewu amachepetsa liwiro kuti aone mayendedwe ake. Anabwera kumpoto kuno ndi jekete limodzi kudzaphunzira za matenda a ziweto. Amene anamutola ndi a Pulofesa Mufleh. Anamugoneka m'kachipinda ka pansi pa nyumba yawo, ankadya mbale imodzi ndi ana awo, ndipo bambo ake a Awwad atamwalira, ndi iwo amene anatsogolera amuna okamupemphera mkazi. Awwad tsopano ali ndi imvi, koma a Mufleh akamuimbira foni amaimirira.

Moyo wake wonse wathera pa nthenda imodzi, malungo aja amene amachokera mu mkaka wosawiritsa ndi tchizi chopangira kunyumba. Mlongo wake anapita padera ndi malungo amenewa, ndipo Awwad satchula zimenezi kawiri. Kwa zaka zambiri ankayendera makola, kutenga magazi a nkhosa, kumwa tiyi wa shuga wambiri m'matenti mpaka mano anayamba kumuvuta. Pomaliza analemba pepala losonyeza njira yosaboola m'thumba yodziwira khola lodwala anthu asanadwale. Ankafuna kuti dokotala wa ziweto wa kuchigawo, ngakhale wa ku Sudan kapena ku Yemen, angolitsegula pa foni n'kuwerenga.

Apa ndiye pakubwera ntchito yanga. Kale wofufuza ankasankha pawiri: alipire ndalama zoti n'kugulira galimoto yakale kuti aliyense awerenge pepala lake ulere, kapena asalipire, pepalalo n'kutsekeredwa, wofuna kuwerenga ndiye azilipira. Kenaka yunivesite yathu inapangana ndi kampani zosindikiza kuti mapepala a anthu athu azituluka otsegula popanda mwini wake kupisa m'thumba. Ine ndi amene ndimavomereza. Lamulo lake ndi limodzi lokha. Mwa olemba onse a pepala, pamakhala mmodzi amene dzina lake amaliika kanyenyezi, ndiye amalandira ndi kuyankha makalata onse okhudza pepalalo. Munthu ameneyo ayenera kukhala woti akugwirabe ntchito pa yunivesite pano.

Kwathu kuno kanyenyezi ndi ka wamkulu. Mapepala onse a Awwad, kuyambira loyamba, kanali pa dzina la a Mufleh. Tsono a Mufleh anali atapuma pa ntchito.

"Sichivuta ichi," ndinamuuza atabwera ndi pepalalo asanalitumize. "Dzina lawo likhale pomwepo, ndi mlembi mnzanu. Kanyenyezi kokha kasunthireni pa dzina lanu."

Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti awavule nduwira pagulu.

"A Umm Laith, palibe njira ina?" anandifunsa, pondiitana monga amandiitanira onse, kutanthauza mayi a Laith.

"Njira ina ndi thumba lanu. Muli nazo?"

"Ndili ndi ana anayi."

"Ndiye pitani mukawauze. Ndi munthu wophunzira, akamva."

Anachita kuzengereza mpaka nyengo yokolola azitona inatha. Ndikakumana naye pamakwerero ankayang'ana kumbali. Tsiku lina ndinamugwira jekete. "A Dokotala, pakadafunda padajiwitsa galu. Nkhosa zija sizikudikira kuti inu mulimbe mtima." Anapumira m'mwamba, n'kundipempha kuti ndimuperekeze kwa a Mufleh Lachisanu, poti mayi a m'nyumbamo ndi anzanga a kalekale. Anati mwina ndikakhalapo lilime lake silikamangika.

Tinawapeza a Mufleh ali pabalaza, atavala suti ndi tayi ngati akupita kukaphunzitsa. Patebulo panali kompyuta yotsegula. Tisanamalize n'komwe moni anamukoka Awwad dzanja.

"Bwera udzaone, mwana wanga. Mtsikana wina wa ku Khartoum, ku Sudan, walemba, akufunsa za pepala lathu lakale lija la mbuzi. Ndamuyankha masamba awiri. Uyu ndi wa ku Izmir, akuti ndalakwitsa. Ine? Ndimuonetsa."

"Ndiwo mankhwala awo amenewo," anatero akazi awo akundikhazika pampando. "Tsiku likapita popanda kalata amalowa kukhitchini n'kumavundukula mapoto anga. Akuti mphodza ndimathira madzi ambiri. Zaka zonsezi amadya osadandaula!"

"Ndinalibe nthawi yodandaula," anayankha a Mufleh. Kenaka anatsitsa mawu. "Ofesi anapatsa wina, ophunzira sandidziwanso. Makalatawa ndi amene amandidzutsa m'mawa."

Ndinamuyang'ana Awwad. Nkhope yake inali itagwa kale.

A Mufleh anatenga okha mphika wa khofi wowawa, n'kuthira pang'ono m'kakapu, n'kumupatsa. Awwad analandira ndi dzanja lamanja, n'kukaika pansi osamwa. Mlendo akaika khofi pansi ndiye kuti wabwera ndi pempho, ndipo samwa mpaka mwini nyumba avomere. Mumtima ndinati, eyaa, mwana wa abusa wakula.

Mwini nyumba wochenjera amafunsa kaye kuti pempholo n'lotani. A Mufleh sanafunse. Maso awo anawala ndi chimwemwe choti pali munthu amene akufunabe kanthu kwa iwo.

"Imwa khofi wako, mwana wanga. Chimene wadzera ndakupatsa kale, ngakhale likhale diso langali."

Awwad anamwa. Anapukusa kakapu kuti asamuthirenso. Tonse tinadikira.

"Aphunzitsi," anatero, "ndimafuna kamtengo. Ka ndimu, kochokera mu mtengo wa kuseri uja. Ndikadzale kwathu."

"Kamtengo?" A Mufleh anaseka mpaka kutsokomola. "Kuikira khofi pansi kamtengo? Mwanayu sadzasintha!" Anavula jekete, n'kupita kuseri ndi kakhasu.

M'galimoto ndinamusambitsa chokweza. Kamtengo kanali pamiyendo yanga, dothi likuyoyokera pa diresi langa labwino, ndiye mkwiyo unali pawiri.

"Mwandiyendetsa ulendo wonsewu kudzanyamula ndimu? Munthu wakupatsani diso, inu n'kutenga tsamba!"

Anandiyankha titafika pamphambano.

"Akanafunsa kaye kuti n'chiyani, ndikananena," anatero. "Akanatha kukana, kapena kuvomera akudziwa. Koma andipatsa asanamve. Ndikanatchula, sikukanakhala kupempha. Kukanakhala kulanda."

Ankanena zoona, ndipo zimenezi zinandipsetsanso mtima.

Pepala linatuluka, kanyenyezi kali pa dzina la a Mufleh, lotsekeredwa. Madzi akatayika saoleka. Awwad analisindikiza pamakina athu, n'kumalinyamula m'galimoto popita kumakola, kusiyira madokotala a ziweto amene amawadziwa. Amene sawadziwa, a ku Yemen aja, ankangoona mutu ndi ndime yoyamba. Zinkamupweteka, ndinkaona, koma sanadandaule.

Tsiku lina m'mawa wina analowa mu ofesi yanga osagogoda. Anali a Mufleh, ndi suti yawo.

"Umm Laith, mwana wanga, kompyuta yanga yapenga. Ndikufuna kuwerenga pepala lathu latsopanoli, ikundiuza kuti ndilipire. Ndilipire pepala langa lomwe?"

"Sinapenge, a Pulofesa. Kunyumba simungaliwerenge. Ndikusindikizirani pano."

Makina akulira, iwo anaima akuganiza.

"Nanga mnyamata wa kunthambi ya mankhwala uja amati mapepala ake amawerengedwa ulere dziko lonse? Lathuli lalakwa chiyani?"

Anafunsa, ndipo kuyankha funso limeneli ndiyo ntchito imene ndimadyera. Ndinawafotokozera lamulo lija monga ndimafotokozera aliyense, osatchula dzina la munthu. Anamvetsera mpaka kumapeto. Analandira pepala likadali lofunda, n'kuyang'ana tsamba loyamba nthawi yaitali.

"Awwad amalidziwa lamuloli?"

"Aliyense wobwera mu ofesi muno amalidziwa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Analipinda pepalalo, n'kuliika m'thumba la mkati.

"Ine sindinabwere muno lero," anatero.

"Sindinakuoneni."

Chaka chotsatira Awwad anamaliza pepala lachiwiri, la katemera. Linatuluka lotsegula, kanyenyezi kali pa dzina lake, ndipo ndinalivomereza ndekha ndi chala changachi. Tsiku limene linaoneka pa intaneti anagogoda pakhomo panga. Ndinali nditagula kale maswiti a uchi kuti tisangalale. Anakhala m'mphepete mwa mpando, osawakhudza.

"Mabruk, takondwera nanu, a Dokotala! Nanga nkhope ya maliroyo?"

"Sindinawapemphe," anatero. "Ndinawapititsira pepala monga mwa masiku onse. Anati ndichotse kanyenyezi pa dzina lawo, pa ili ndi ena onse akubwera. Akuti maso afooka, makalata akuwatopetsa."

"Ndiye ukalamba umenewo," ndinatero ndikusanja mabuku amene anali osanjika kale.

"M'mawa uno ndalandira makalata atatu. Ina ndi ya dokotala wa ziweto wa ku Taiz, ku Yemen, akuti ayesa njira yathu." Anaima kaye. "Dzulo ndinadutsa kwawo. Ndinawapeza pakhonde, opanda tayi, kompyuta itavundikiridwa ndi nsalu. Ankawalowetsera akazi awo ulusi pa singano, a Umm Laith. Opanda magalasi."

Sanandifunse ngati ndine amene ndinawauza a Mufleh za lamulo lija. Anakhala pamenepo kanthawi, manja ali pamaondo, misozi ikulengeza. Kenaka anapepesa pondichedwetsa, n'kupita kukayankha makalata.