Tsiku limene ndinakalipira timu yonse ya besibolo

Tisanasamukire kuno ku Indianapolis tinkakhala ku South Bend, ndipo chaka china tinasunga mnyamata wa ku Dominican Republic. Timu ya besibolo ya mumzindamo inkafuna mabanja olandira osewera ake ochokera kutali. Ine besibolo sindinkaidziwa n'komwe, koma chipinda chinalipo, ndipo mwana wa eni sangasowe pogona ine ndili moyo.

Ntchito yake inali yoponya mpira mwakuti omenya a timu ina alephere kuumenya ndi ndodo. Anali wamtali ngati nsungwi, ndipo pa kadyedwe osanena, mpunga sunkagona m'poto. Chingerezi chinkamuvuta, moti zambiri tinkamvana ndi manja. Kwawo bambo ake ankadula nzimbe m'minda ya kampani, ndipo banja lonse linkadalira mkono wake wamanjawo. Mwezi umenewo zinthu sizinkamuyendera. Kochi anali atamuuza mosabisa kuti akalepheranso Lamlungu, alongedze azipita kwawo.

Lamlungulo tinachoka kutchalitchi n'kulunjika ku bwalo, ine chitenje chili m'chiuno. Koma mwana anaponya mpira tsiku limenelo! Omenya a timu inayo ankangopalasa mphepo ndi ndodo zawo, uyu n'kubwerera, uyo n'kubwerera. Komabe ndinaona chinthu chimene chinandiwawa. Akabwera kudzapuma pa benchi, anzake onse ankasunthira kutali. Panalibe womulankhula, ngakhale womuyang'ana. Ankakhala yekhayekha kumapeto ngati wodwala nthenda yopatsirana.

Mtima unandiwira. Kwathu munthu akachita bwino sitimusiya choncho. Ndinatsika masitepe mpaka pampanda, ndinaimba nthungululu, kenako ndinawalalatira anyamatawo m'Chingerezi: "Nsanje basi! Palibe ndi mmodzi yemwe amene wamenya mpira wake, inu osamuyamikira?"

Amuna anga anabwera kudzandikoka mkono.

"Mayi, mwawonongatu zinthu," anatero. "Munthu akamaponya bwino chonchi samulankhula, ndi mwambo wawo. Amati ukangotchula, mwayi umathawa."

Ndipo womenya wotsatira anaumenyadi mpirawo, anthu n'kuyamba kundicheukira. Ndinkangomuona mwana uja akubwerera ku minda ya nzimbe chifukwa cha pakamwa panga. Koma iye anangopukuta thukuta, n'kuwagonjetsa omenya otsalawo mmodzimmodzi mpaka masewero kutha. Za kulongedza kochi sanazitchulenso. Ndinanyada, ndipo ndimanyadabe mpaka lero, ngati ndinamubereka ndine.

M'galimoto pobwerera amuna anga anayamba kumupepesa m'malo mwanga. Mnyamatayo anawadula pakamwa, n'kutembenukira kwa ine, akusakasaka mawu.

"Mami," anatero, "chichokereni kwathu, palibe amene anakalipirapo anthu chifukwa cha ine."