Mkazi wa Foster wa ku Nottingham

Mbiriyi inayamba kukwawa mu Febuluwale, ndipo pofika Malichi inali ikuthamanga: ati Foster Kambalame ali ndi mkazi ku Nottingham. Ine ndinaimva kwa mwana wanga Ethel, amene ndimakhala naye kuno ku Ulaya, ku Wigston pafupi ndi Leicester, iyenso ataimva kutchalitchi kwa anesi anzake, anthu odziwa kuyeza magazi ndi kuyeza amuna a eni. Umboni unalipo. Loweruka lililonse limene Foster alibe shifiti, amakwera sitima ya m'mawa atavala malaya osita, atakolekera kachikwama kamene salola munthu kukagwira. Winanso anamuona ku Belgrave Road, mu Leicester, akutuluka m'sitolo ya Amwenye yogulitsa mikanda ndi ndolo, kaphukusi kali m'manja. Mwamuna wa zaka makumi anayi ndi ziwiri, mkazi wake ali ku Zomba, akagule chiyani m'sitolo yotero?

Ndinakhulupirira theka. Theka linalo linkakumbukira nkhope ya Foster. Ndinayamba kuiona ali wakhanda, ndipo kunena zoona zaka sizinaithandize kwenikweni.

Foster ndi mwana wa mlongo wanga, malemu. Ali mwana sankasewera mpira. Ankakhala njo pambali pa akuluakulu osewera bawo, milomo ikugwedera, akuwerenga nkhomo zimene mwini wake sanazigwire n'komwe. Atakula anaphunzitsa masamu kusekondale ku Zomba zaka khumi ndi zinayi, mpaka choko chinamuyeretsa nsidze koma osamumangira nyumba. Anabwera kuno mu 2024 kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Mapepala ake anachedwa ndi masabata atatu okha, ndipo m'masabata amenewo lamulo linasintha, kuti a ntchito imeneyi asamabwere ndi mabanja. Keturah, mkazi wake, anatsala ndi ana awiri, masutikesi atagula kale.

Kuno amakhala m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo yokonza mafoni. Ntchito yake ndi kusambitsa azungu okalamba, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi supuni. Gogo wina kumeneko amamuitana ndi dzina la mchimwene wake amene anamwalira kalekale, ndipo Foster amavomera. Kutchalitchi amakhala kumbuyo, n'kutuluka tiyi asanawire. Munthu wotero anthu samusiya. Ukakhala chete amakulembera okha mbiri.

Tsiku lina Keturah anandiimbira foni. Sanandiitane kuti malume monga amachitira. Anati ankhoswe, ndipo ndinadziwa kuti zavuta, pakuti pa ukwati wawo ndine ndinaima kumbali ya Foster. Anati mbiri yafika ku Zomba. Anati akamufunsa mwamuna wake kumene amapita Loweruka, amangoyankha kuti kukawongola miyendo.

"Ankhoswe, mundiuze zoona Pasaka isanafike. Ngati n'zoona, nyumba ino ndibweza kwa eni ake, nditenge ana ndizipita kwathu ku Ntcheu."

Sanalire. Akanalira bwenzi nditamunyengerera. Ndinaganiza zotuma munthu, koma kandimverere anakanena za m'maluwa. Loweruka lotsatira ndinavala majekete awiri n'kukakhala pabenchi pa siteshoni ya Leicester.

Anafika ndithu, malaya osita, kachikwama paphewa. Ndinamuuza kuti lero ndikumuperekeza, miyendo yanganso ikufuna kuwongoka. Anapita kukandigulira tikiti.

Musitima anatsegula kachikwama kaja patebulo. Ine ndinkayembekeza mafuta onunkhira. Munatuluka kabokosi kodzaza makadi, lililonse litavekedwa kathumba kake ka pulasitiki ngati mankhwala a kuchipatala. Sanali makadi athu aja a njuga. Awa anali ndi zithunzi: njoka zamapiko, akazi onyamula malupanga, mitengo yokhala ndi maso, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse panali Chingelezi chaching'ono choti ine ndi Sitandade 6 yanga ndikanachiwerenga mpaka Khirisimasi. Kaphukusi ka ku Belgrave Road kanalimonso. Munali timikanda tagalasi towerengera pamasewera.

Anandifotokozera kuti munthu amasonkhanitsa yekha makadi ake, kusankha oti agwirizane, ndipo amakakumana ndi wina amene wasankhanso ake. Amene watha mphamvu za mnzake ndiye wapambana. Pali mipikisano yeniyeni, ndipo ena kuno ntchito yawo ndi yomweyo.

Ndinamufunsa chifukwa chake sanangomuuza mkazi wake. Anandikumbutsa zimene ndinkazidziwa kale. Bambo ake a Keturah anataya njinga, mbuzi ndi malata a nyumba pa njuga ku msika wa Lizulu, ndipo Keturah anamulumbiritsa Foster asanakwatirane kuti khadi silidzalowa m'nyumba mwawo. Nanga zithunzizo, amayi a kutchalitchi atati azione, si bwenzi mbiri ili ya za satana? Iye ankaganiza kuti nkhani ya mkaziyo idzafa yokha, poti mkaziyo kulibe.

Masewerawa anawayamba tsiku la mvula, basi itamusiya. Anabisala m'sitolo ina yofunda, momwe munali matebulo, ndipo wina amene ankasowa wosewera naye anamubwereka makadi.

"Malume, kuntchito ndimalankhula ndi anthu amene mawa sandikumbukira. Kunyumba ndimalankhula ndi khoma. Kumasewera munthu amakhala moyang'anana nane mphindi makumi asanu, akudikira kuti aone chimene ndichite."

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva chisoni, ndipo ndinamvadi. Koma inenso ndinakhalapo mnyamata. Ndinaimbapo kwaya zaka ziwiri ndilibe mawu, ndipo chimene chinkandipititsa kumeneko sichinali nyimbo. Makadi akhoza kukhala kwaya ya Foster.

Holo ya ku Nottingham inali ndi anthu oposa mazana awiri, atakhala awiriawiri pa matebulo a manambala, zii, ngati mayeso a boma. Kunkangomveka makadi akusakanizidwa, tsetsetse. Pakati pa matebulo pankayenda oweruza ovala malaya akuda. Foster anandiuza kuti asewera ndi anthu asanu ndi atatu, mmodzimmodzi, ndipo anthu asanu ndi atatu amene achite bwino koposa aitanidwa ku mpikisano waukulu wa ku Ulaya konse. Iye anali atayesa kanayi. Pamene anafika patali anali nambala 31.

Ine ntchito yanga inali ina. Ndinawerenga akazi m'holomo n'kupeza khumi ndi mmodzi, ndipo ndinayamba kuwalondera kuti ndione amene ataye diso kwa mphwanga. Palibe anataya. Koma akazi ochenjera sataya diso pagulu, zimenezi ndikuzidziwa.

Foster patebulo anali munthu wina. Msana unawongoka. Milomo inkagwedera monga muja ali mwana. Pofika masana anali atagonjetsa anayi. Nthawi yopuma anzake anatuluka m'magulumagulu kukagula chakudya, akukangana za makadi. Iye ananditengera kuseri, kumasitepe a pafupi ndi chitseko chothawira moto, n'kukhala pa sitepe yachitatu osayang'ana n'komwe, monga munthu amakhalira pampando wa kunyumba kwake. Anatulutsa buledi ndi mazira awiri owiritsa. Ananyema bulediyo pakati, ndipo tinadya tikuyang'ana khoma.

Pofika masewera omaliza anali atapambana kasanu ndi kamodzi, n'kugonja kamodzi. Akapambananso, walowa pa asanu ndi atatu aja. Anamuika pa tebulo lachinayi, pomwe panali chingwe chotchinga oonerera, ndipo amene anadzakhala moyang'anana naye anali mkazi. Papepala dzina lake linali Zaibunisa. Anali wa zaka ngati makumi atatu, mpango wobiriwira kumutu. Anamwetulira n'kunena kanthu, ndipo Foster anaseka. Chifikireni ku Ulaya ndinali ndisanamuonepo akuseka mano onse. Kenaka anapereka makadi ake kwa mayiyo kuti awasakanize, ndipo anapereka ndi manja awiri.

Mumtima ndinati basi, kwaya ija ndi iyi.

Amasewera katatu, wopambana kawiri ndiye watenga. Koyamba anatenga mayiyo, kachiwiri Foster. Kachitatu anthu anaunjikana pachingwe, onse kukamwa kotseka. Tsono kwathu bawo yopanda olankhulira si bawo. Woonerera amatsokomola, amanyoza, amafunsa za mvula, ndiwo masewerawo. Ine kukhala chete tsiku lonse kunali kutandidwalitsa. Ndinaweramira pachingwe n'kufunsa m'Chichewa, motsitsa mawu monga ndinkaganizira ine:

"Mphwanga, kodi ndi ameneyu?"

Mwana wina akanangokhala ngati sanamve. Koma Foster analeredwa ndi mlongo wanga, ndipo kwathu malume akafunsa suwasiya mawu ali m'malere. Anatembenuka.

"Iyayi malume. Chonde, tikambirana tikatha."

Woweruza anali pomwepo. Anaika dzanja patebulo n'kuimitsa masewera. Lamulo lawo ndi lakuti wosewera salankhula ndi woonerera, poopa kuti angauzidwe zochita, ndipo ife tinalankhula m'chinenero chimene m'holo monsemo tinkachidziwa awiri okha. Anandifunsa zimene ndinanena. Chingelezi changa chinathawa, n'kungotsala gudu moningi. Anafunsa Foster kuti amasulire mawu ndi mawu.

Foster anayang'ana mayi uja, amene anali atagwira makadi ake akudikira. Kuti amasulire, anayenera kunena pamaso pa anthu onsewo kuti malume ake akufunsa ngati mkazi wa mwiniyu ndi chibwenzi chake. Anangoti ndi nkhani ya m'banja, yosakhudza masewera. Woweruza anati ngati ndi choncho ainene. Foster anati sangathe.

Mayiyo anayesa kumupempherera, anati iye alibe nazo vuto, apitirize. Woweruza anaitana mkulu wake, ananong'onezana, ndipo anagamula kuti masewera achitatuwo Foster wagonja. Ine anandipempha mwaulemu wa azungu uja, wokugwira pachigongono, kuti ndikadikire kunja.

Ndisanafike pakhomo ndinacheuka. Mayi uja ankasaina pepala. Anayendetsa chala papepalapo kufuna dzina la amene wasewera naye, n'kulitchula molumphalumpha, Kam-ba-la-mi. Anamupepesa, anamuuza kuti amasewera bwino kwambiri, ndipo anamufunsa ngati aka n'koyamba kubwera ku mipikisano. Munthu woti wakhala akubwera m'maholo amenewa pafupifupi zaka ziwiri. Kenaka ananyamuka kupita kwa mwamuna wake, amene anali chiimire kukhoma ndi mwana wogona paphewa.

Ndinadikira panja pamphepo. Foster anatuluka itangokwana faifi, ali nambala 14. Ndinali nditakonzeka kuti anditukwane, ndipo ndikanamulola. Iye anangotsegula kabokosi n'kundionetsa khadi limodzi, la mbalame yoyaka moto.

"Linali m'manja, malume. Ndikanaliponya ulendo wotsatira, zikanathera pomwepo."

Analibwezera m'bokosi, n'kundifunsa ngati sindikuzizidwa.

Ndinatulutsa foni n'kumuimbira Keturah ya kanema, tili pomwepo. Anayankha ali pakhonde. Ndinamuuza zonse mwa ndondomeko yake monga nkhoswe, osasiya ndi mbali yanga yomwe, ngakhale kuti imeneyo ndinaifupikitsako. Ndinaloza foni pagalasi la chitseko kuti aone matebulo. Foster anamuonetsa makadi.

Keturah anawayang'anitsitsa makadiwo. Kenaka anafunsa ngati ndi njuga. Ndinati tsiku lonse patebulo sindinaonepo ndalama, koma timikanda. Anati nkhani ya makadi akambirana awiri, ndipo Foster asaganize kuti ikhala yokoma, pakuti lumbiro ndi lumbiro.

"Nanga amacheza ndi ndani kumeneko, ankhoswe? Tandionetseni anzake."

Ndinatembenuza foni. Anthu ankatuluka m'holo awiriawiri, atatuatatu, akuseka, akuonetsana makadi, akukangana za kokadya. Ankatilambalala monga madzi alambalala mwala. Ndinaigwira choncho nthawi yaitali, ndikuyembekeza kuti mwina wina akweza dzanja. Foster ankayang'ana nsapato zake.

Nditaibweza foniyo kwa ine, Keturah anali atagwira pakamwa.

"Ku Ntcheu sindipita," anatero. "Mpatseni foniyo."

Foster anailandira n'kupita nayo pakona ya holo, atatembenuzira msana kumphepo. Ine ndinatsala ndi kachikwama kaja m'manja.

Amayi a kutchalitchi ananama. Foster alibe mkazi ku Nottingham. Alibeko ngakhale mnzake.